Ufa wa Dokotala ndi Mphete ya Pulatinamu

Ine, abale anga, palibe chinthu pansi pa thambo chimene munthu angachifune ine n'kulephera kuchipeza. Mawu amenewa muwasunge. Ndinayamba ndi wilibala yobwereka, kunyamulira anthu katundu pa depoti ya mabasi. Lero malole anga amazungulira mzinda wonse ndi masilinda a mpweya, kupita kuzipatala, kwa owotcherera zitsulo, mpaka ku yunivesite. Ndagonapo m'sitima zapamadzi. Ndadyapo m'mayiko amene dzuwa limatuluka ngati likuchita kukakamizidwa. Pa doko lina ndinapezera woyendetsa sitima nati ya injini imene fakitale yake inatsekedwa ine ndisanabadwe. Anthu amanditcha Bwana Mpweya. Anayamba ndi kunyoza, ine ndinatenga dzinalo n'kulilemba pazitseko za malole ndi penti yofiira.

Ndiye pamene mkazi amene ndinkafuna kumanga naye banja anandiuza kuti, "Mundibwezere kaye ufa wanga, za ukwati mudzanena pambuyo," ine ndinaseka mumtima. Ufa wake wonsewo sukanadzaza n'chikhadabo chomwe.

Kuseka kumeneko kunatha msanga. Koma tiyambe poyambira.

* * *

Iye ndi dokotala, koma osati wa jakisoni. Ndi dokotala wa zosakaniza mankhwala, ndipo labotale yake ili ku yunivesite, kumapeto kwa khonde lalitali, pafupi ndi masitepe. Silinda ya naitirojeni madalaivala anga akanatha kukasiya okha. Koma nditamuona kamodzi, atavala jasi loyera lopsa pamkono, akukalipira makina ngati mwana wosamva, ndinayamba kuperekeza silinda iliyonse ndekha, nditavala suti.

"Kodi mumaphika chiyani muno tsiku lonse, Dokotala?" ndinamufunsa.

"Thovu."

Anandionetsa kabotolo ka galasi ka madzi owawasa, timawaya titalowa m'menemo. Pansonga ya kandodo kakuda ka kaboni pankatuluka timathovu, kamodzikamodzi, ngati nsomba ikupuma.

"Umenewo ndi haidirojeni, mpweya umene umayaka osasiya utsi," anatero. "Uli m'madzi momwemo, koma sutuluka wamba. Ndi magetsi okha mumataya mphamvu yambiri. Chitsulo chodula cha pulatinamu chimautulutsa mosavuta, koma ndani angagulire dziko lonse pulatinamu? Ndiye ine ndimatenga kadontho kamodzi ka chitsulo chotsika mtengo, kobalti, n'kukamangira mikono mozungulira. Kachitsuloko kamalandira mphamvu ya magetsi kuchokera pa kaboniyo. Mkono umodzi umapisa m'madzi, n'kugwira kachidutswa ka haidirojeni, n'kukapereka kwa chitsulo. Kachidutswa kachiwiri kakafika, awiriwo amagwirana, n'kuuluka limodzi. Kachitsulo kaja kamatsala mmene kanalili, kudikira ena awiri."

"Ndiye ndi nkhoswe imeneyo," ndinatero. "Kukumanitsa awiri, yokha n'kubwerera kwawo chimanjamanja."

Anaseka mpaka anavula magalasi. "Ife timati chofulumizitsa. Koma nkhoswe ikumveka bwino."

"Nanga ife nkhoswe yathu idzakhala ndani?"

"Sainani apa muzipita, Bwana Mpweya."

Ndinasaina, koma sindinapite kutali. Patapita miyezi tinali tikumwera limodzi tiyi pamasitepe, iye akundiuza za mikono ya kobalti, ine ndikumuuza za mafunde aatali kuposa nyumba yake. Theka la nkhani zanga sankalikhulupirira. Theka limenelo ndiye linali loona.

* * *

Njira yabwino sisowa minga. Minga yanga inali iwiri.

Woyamba anali Pulofesa, mkulu wa dipatimenti yawo, munthu wa sikafu pakhosi ngakhale kunja kukuotcha. Ankamufuna Dokotala, ndipo sankabisa. Akandipeza pakhonde ankalankhula ngati akulankhula ndi khoma: "Katundu amasiyidwa kuchipata chakumbuyo."

"Katundu wasiyidwa kale, bwana," ndinkayankha. "Amene waima apayu ndi mwini kampani."

Wachiwiri anali amalume ake a Dokotala, mphunzitsi wamkulu wopuma pantchito, amene anamulera bambo ake atamwalira. Pulofesa ankawayendera Lamlungu lililonse, atanyamula nyuzipepala ndi mankhwala a miyendo. Ine nditawatumizira moni, yankho linabwera kudzera mwa Dokotala yemweyo: mwana sanamuphunzitsire wogulitsa mphepo.

"Ndipo inu munawayankha chiyani?" ndinafunsa.

"Ndinawauza kuti mphepoyo akadzagona kuchipatala adzaifuna."

Nditamva zimenezo ndinadziwa kuti nthawi yakwana. Ndinapita kwa wosula mphete wodziwika mumzinda wonse n'kumuuza kuti, "Ndipatse chitsulo chodula kuposa zonse." Anandipatsa mphete ya pulatinamu. Achemwali anga, amene amandisungira ofesi, ataiona anagwira pakamwa.

"Iwe, mkazi amene moyo wake wonse akulimbana n'kuthamangitsa pulatinamu, wamugulira pulatinamu?"

"Achemwali, inu za chikondi munaziiwala kalekale."

"Chabwino. Ukabwera ukulira ndikupatsa mpango."

* * *

M'labotale ya Dokotala muli bokosi lalikulu la galasi, lotsekeka ponseponse, lodzaza ndi naitirojeni wanga. Kutsogolo kwake kuli magolovesi akuda aatali, omata pagalasi pomwepo. Munthu amalowetsa mikono m'magolovesimo n'kumagwira ntchito mkati osatsekula. Kumbali kuli kachipinda kozungulira ka zitseko ziwiri, kolowetsera zinthu. Ufa wa kobalti umakhala m'bokosi limenelo, chifukwa ukakumana ndi mpweya wamba umafa.

Tsiku limenelo ndinamupeza akuyeza ufawo pa sikelo ya mkati, wofiira ngati tsabola wakupsa, kabotolo kake kali kukamwa. Foni inalira. Anali Pulofesa, akumuitana ku ofesi mwachangu.

"Musakhudze kanthu," anandiuza potuluka.

Apa ndiye nzeru inandibwerera, nzeru ya munthu woyenda. Mwamuna wina aliyense amagwada pa lesitilanti. Ine ndinati mphete aipeze ndi manja ake, m'bokosi lake, pambali pa ufa umene amaukonda kuposa anthu. Ndinatsekula chitseko chakunja cha kachipinda kaja, ndinaikamo mphete, ndinatseka. Ndinalowetsa mikono m'magolovesi, ndinatsekula chitseko chamkati, ndinakoka mphete n'kuiika bwinobwino pambali pa sikelo. Ndinali nditamuonapo akuchita zimenezi kambirimbiri. Chimene sindinasamale n'chakuti pakati pa chitseko choyamba ndi chachiwiri iye ankayatsa pampu, kuyamwa mpweya wamba katatu. Ine ndinkayesa kuti ndi chizolowezi chabe, ngati kugogoda pakhomo pako pomwe.

Bokosi linayamba kulira ngati galimoto yobedwa.

Pamene ankalowa akuthamanga, ufa uja unali ukusintha ine ndikuona, kuchoka kufiira kupita ku dzimbiri. Anandikankha, analowetsa mikono, anatseka kabotolo. Koma madzi akatayika saoleka. Anaima nthawi yaitali mphumi itagunda galasi. Kenako anaona mphete.

"Ichi n'chiyani?"

Ndinagwada. Nanga ndikanatani? "Dokotala, ine ndabwera kudza..."

"Dzukani. Ndi ya chitsulo chanji?"

"Pulatinamu weniweni."

Anatseka maso. "Mwandiphera ufa, ndipo mwalowetsa pulatinamu m'bokosi limene ndalumbira kuti mulibe pulatinamu. Mwezi wamawa kukubwera alendo ochokera kutsidya kwa nyanja, anthu othandiza kafukufuku, kudzaona thovu la ufa umenewu. Unali wonse umenewo. Mamiligiramu makumi anayi."

"Pepani."

"Pepani sapoletsa chilonda. Mundibwezere kaye ufa wanga, za ukwati mudzanena pambuyo."

Anatulutsa mphete ija m'bokosi n'kundibwezera. Pakhomo panali pataima Pulofesa, akukonza sikafu. Madzulo omwewo alonda onse anapatsidwa chithunzi changa kuti asandilowetsenso.

* * *

Ndinayamba kuimba mafoni. Ndinaimbira mnzanga wa pa doko, ndinaimbira wogulitsa mankhwala amene ndinamupulumutsa kwa okhometsa msonkho pa malire, ndinaimbira mayi wina kudziko lachisanu amene angakupezereni ngakhale dzino la ng'ona yamoyo. Onse ankafunsa funso limodzi: nambala yake m'katalogi ndi chiyani?

Ndinamulembera Dokotala uthenga: "Nambala ya ufa uja m'katalogi."

Anayankha: "Ulibe."

"Fakitale yake ili dziko liti? Ndikwera ndege mawa."

"Fakitale yake ndine."

Ndinayang'ana foni ngati yandiluma. Ndinalembanso: "Ndiye pangani wina, ine ndilipira zonse."

"Pulofesa wandipatsa makalasi ake onse kuyambira m'mawa mpaka masana, ndipo bokosi alitseka mpaka litayeretsedwa. Akuti alendo akabwera adzawaonetsa ntchito yake ya pulatinamu, ine ndidzakhale womugwirira mabotolo. Akuti akundithandiza."

"Ndipo inu mwavomera?"

"Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, Bwana Mpweya. Wangongole si ine."

Achemwali anali ataima kumbuyo kwanga, akuwerenga nawo mopanda manyazi. Anandiikira mpango pa tebulo.

"Chotsani mpango wanu," ndinatero. "Ufa sugulidwa, chabwino. Nanga bokosi siligulidwa? Naitirojeni wa mzinda uno ndi wa ndani? Tulutsani matebulo m'chipinda chakumbuyo."

Mnzanga wa pa doko anandipezera bokosi lakale la magolovesi anayi, limene fakitale ina ya mabatire inalitaya. Mayi wa kudziko lachisanu anatumiza mankhwala onse amene Dokotala anatchula. Pampu ndinaikonza ndekha. Kenako ndinajambula chithunzi n'kumutumizira, ndi mawu akuti, "Fakitale yachiwiri yatsegulidwa. Ikusowa kapitawo."

Anayankha: "Bokosilo mwaliika pafupi kwambiri ndi zenera. Ndikubwera."

* * *

Amalume anandiitanitsa Loweruka. Ndinawapeza pabalaza, atakhala pansi pa chithunzi cha Dokotala atavala mkanjo wa maphunziro. Pulofesa anali pampando wofewa, kapu ili m'manja. Ine anandilozera kampando ka pulasitiki. Dokotala anali ataima pakhomo la kukhitchini, manja atapinda.

"Ndamva kuti mwawononga ntchito ya mwana wanga," anayamba amalume.

"Zoona, bambo. Ndipo ndikuibweza."

"Inu? Munalekezera kalasi yanji?"

"Imene ndalama za fizi zinathera."

Pulofesa anaseka m'kapu. "Bambo, zimenezi si kukweza masilinda pa lole. Anthu amaphunzira zaka kuti agwire kabotolo kamodzi."

"Ine ndinaphunzira zaka kuti ndisamaope munthu wovala sikafu," ndinatero.

"Taonani mwano!" amalume anamenya ndodo pansi. "Mverani kuno. Mwana uyu ndinamulera ndi penshoni yanga. Sindidzamupereka kwa munthu amene akalowa m'chipinda zinthu zimafa. Mumusiye. A Pulofesa apa akhululukira zonse, ndipo ali okonzeka kumuteteza."

"Amalume," Dokotala analankhula osakweza mawu, "munandiphunzitsa nokha kuti wangongole sathawitsidwa, amalipiritsidwa. Munthuyu ali nane ngongole. Mukamuthamangitsa, ufa wanga andibwezera ndani? Inu?"

Amalume anatsokomola.

"Kapena a Pulofesa, amene anditsekera bokosi?"

Kapu ya Pulofesa inalira pa kambale kake.

Ndinaimirira, ndinamanga batani la jekete. "Bambo, tsiku la alendo mubwere. Thovu likapanda kutuluka, simudzandionanso pakhomo pano, ngakhale pamaliro. Likatuluka, mudzandipatse mpando wofewawo."

"Ndibwera," anatero amalume. "Ndimakonda kuona wodzitama akugwa."

* * *

Dokotala ankabwera akaweruka, n'kukhala pa kreti yopanda kanthu, manja atapinda. Sankakhudza chilichonse.

"Thirani pang'onopang'ono. Ndati pang'onopang'ono! Mukuthira ngati mukuzimitsa moto."

Ine amene madalaivala amanjenjemera ndikatsokomola, ndinkatsuka mabotolo ndi kuyankha kuti, "Chabwino, akapitawo." Chilichonse cholowa m'bokosi ndinkachiyamwira mpweya katatu, iye akuwerenga mokweza ngati ndine mwana wa mkaka. Mphika woyamba unatuluka wakuda ngati phula. Wachiwiri unaoneka bwino mpaka pamene ndinawonjezera moto kuti zifulumire.

"Mwachitanso chiyani?"

"Nthawi ndi ndalama, Dokotala."

"Tayani. Yambaninso."

Foni yake inkalira kawirikawiri. Tsiku lina ndinaona ndi kona ya diso uthenga wa Pulofesa: "Ndasungitsa tebulo la anthu awiri. Musataye tsogolo lanu m'nyumba yosungira masilinda."

"Pitani," ndinatero, mikono ili m'magolovesi. "Kumeneko kuli nsalu zoyera pa tebulo. Kuno kuli kreti."

"Mukuchita nsanje?"

"Ine? Munthu amene mwana wa mwini sitima anandilirira pa doko?"

"Nkhani imeneyo mwezi watha anali mwana wa wophika."

Anazimitsa foni n'kuiponya m'chikwama.

Mphika wachitatu unafika pa madzi ofiira opanda zitsotso. Anati tsopano tiwasiye m'firiji, timiyala ta ufawo timere tokha, osagwedeza, osasuzumira. Ine kusiya chinthu osachikhudza ndi matenda. Atandigwira kachiwiri nditatsekula firiji, anagula loko n'kuika kiyi m'khosi mwake.

"Kuona maso a nkhono n'kudekha," anatero. "Mayiko onse munayendawo sanakuuzeni?"

Tsiku lotsekula, pansi pa botolo panali timiyala tofiira, tonyezimira ngati shuga wothira magazi. Tinatilowetsa m'bokosi. Potisefa botolo linapendekeka m'manja mwanga. Ndinangoona magolovesi ena awiri aja akufufuma, manja ake akulowa, n'kugwira anga mkati mwa galasi. Tinasefa limodzi. Titamaliza sanachotse manja msanga.

"Mwakhudza, akapitawo," ndinanong'ona.

"Ndagwira botolo, osati inu."

"Botolo lili uko."

Anachotsa manja. Koma pagalasi ndinaona kuti akumwetulira.

"Tiyeze," ndinatero. "Ndilipire lero lomwe."

"Ayi. Ufa umene sunatulutse thovu si malipiro."

* * *

Alendo anali awiri, mayi wa imvi ndi bambo wamtali wosalankhulalankhula. Alonda ananditsekera njira pachipata, chithunzi changa chili m'manja.

"Chabwino," ndinawauza. "Koma naitirojeni wa nyumba yonseyi akutha lero, ndipo lole iyi simatsitsa katundu mwini wake ali panja."

Ananditsekulira okha.

M'labotale munali mutadzaza. Amalume anali pampando pafupi ndi khomo, ndodo ili pakati pa miyendo. Bokosi la Dokotala linali litatsekulidwa dzulo lake, chifukwa Pulofesa sakanaonetsa alendo bokosi lomata mapepala oletsa, ndipo Dokotala anali atasamutsiramo ufa wathu. Dokotala anatapa kaufa pang'ono, anakasungunula m'madzi owawasa aja, anamiza kandodo ka kaboni, anayatsa magetsi.

Poyamba panalibe kanthu. Kenako kathovu kamodzi. Kenako kena. Kenako mzere wonse, kukwera ngati mikanda. Pa kompyuta mzere woonetsa mphamvu ya ufawo unatsetsereka, mayi wa imvi n'kuvala magalasi.

"Ndithu!" ndinakuwa. "Amalume, mukuliona?"

"Tisathamange," anatero Pulofesa, akumwetulira alendo. "Ndiyenera kunena zoona, ngakhale zowawa. Ufa uwu sunapangidwe muno. Waupanga ndi wamalonda uyu, m'nyumba yosungira katundu. Ndipo munthu yemweyu ali ndi mphete ya pulatinamu. Wogulitsa mphepo angalephere kupala mphete yake n'kuthira fumbi lake mu ufa? Thovu limeneli ndi la mphete."

Ndinaponya phazi limodzi kutsogolo, koma Dokotala anandigwira jekete.

"Funso lawo ndi labwino," anauza alendo. "Ngati muli chitsulo chobisala, kapena ngati kobalti wanga wathyoka mikono n'kusanduka chitsulo wamba, chimamatirira pa kaboni, ndipo ndicho chimagwira ntchito. Ndiye tiyeni titsuke."

Anatulutsa kandodo kaja, anakatsukuluza, anakamiza m'kabotolo kena ka madzi owawasa okhaokha, opanda ufa. Anatembenukira kwa amalume.

"Amalume, thovu likatuluka apa, ndiye kuti munthuyu ndi wakuba, ndipo ndimuthamangitsa ndekha. A Pulofesa, yatsani ndinu."

Pulofesa anayatsa. Tonse tinaweramira kabotoloko. Moyo wanga wonse ndakhala ndikupempherera kuti zinthu zichitike. Tsiku limenelo ndinapempherera kuti pasachitike kanthu.

Madzi anangoti zii.

Pulofesa anasuzumira pafupi mpaka sikafu inagwera pa tebulo. Dokotala anatapa kaufa kena n'kuthira m'madzi omwewo. Thovu linabwerera ngati laitanidwa ndi dzina.

Ndinatulutsa mphete m'thumba n'kuiika m'manja mwa amalume. "Bambo, maso anu ndi a mphunzitsi. Fufuzani pamene ndinapala."

Anaitembenuza uku ndi uku, anaiyang'ana pa kuwala kwa zenera. "Ilibe chipsera," anatero motsitsa. Kenako anandiyang'ana kuyambira kunsapato mpaka kumutu. "Ufawu mwaupangadi inu?"

"Ndi manja awa. Mpando wofewa uja muupukute."

Ulendo uno ndodo sanaimenye pansi.

* * *

Alendo anatengera Dokotala ndi Pulofesa ku ofesi. Ine ndinatsala ndi amalume, ndikuwafotokozera mmene nkhoswe ya kobalti imagwirira ntchito, iwo akunamizira kuti sakumvetsera. Atabwerera, nkhope ya Dokotala sindinaimvetse. Ya Pulofesa ndiye inkawala ngati wapambana ndi iye.

"Uthenga wabwino, bambo," anauza amalume. "Alendo akufuna mwana wanu akapitirize ntchitoyi kwawo, zaka zitatu. Ndipo popeza ntchito ya dipatimenti imapita ndi mkulu wake, chaka choyamba ndikakhala naye komweko." Anatembenukira kwa ine. "Tikuthokozeni, bwana wamalonda. Popanda ufa wanu sitikanapita."

Amalume anaimirira ngati miyendo yawo sinadwalepo. "Kutsidya kwa nyanja! Basi, za ukwati zidikire. Mpando sindikukana, koma udikire."

"Tulukani nonse," anatero Dokotala. "Ndili ndi wangongole."

Chitseko chitatsekeka analowetsa mikono m'magolovesi. Anathira ufa wotsalawo pa sikelo, pang'onopang'ono. Manambala anathamanga n'kuima pa makumi anayi ndi atatu. Anatenga kasupuni, anachotsa pang'ono, anakaika m'kabotolo kena, anakatseka zolimba, anakatulutsira pa kachipinda ka zitseko ziwiri kaja.

"Chenji chanu. Sindidya za mwini."

"Dokotala..."

"Ngongole yatha. Tsopano funsani. Koma mphete imeneyo mukagulitse, mugule pampu yatsopano. Ine ndikufuna ya chitsulo wamba."

Ndinagwada pa simenti, pakati pa masilinda anga omwe, ndipo ndinafunsa.

"Inde," anatero, atabwezeranso mikono m'magolovesi. "Koma mumve bwino. Ndege imeneyo ndikwera. Sindinapirire zaka zonsezi kuti ndikane, ngakhale chifukwa cha inu. Ndipo Pulofesa akakhala pampando woyandikana ndi wanga."

"Akhale," ndinatero. "Nyanja imeneyo ndinaiwolokapo nditagona pa matumba a simenti. Iye akaiwoloke ndi sikafu yake, tikaonana kutsidya."

"Nanga malole? Nanga amalume, amene Lamlungu lililonse azilandira foni ya Pulofesa?"

Kunja kwa chitseko Pulofesa ankaseka ndi amalume, akuwauza za majasi a chisanu. Ndinafumbata kabotolo ka chenji, ndinayang'ana manambala obiriwira mkati mwa galasi. Ndalipirapo ngongole zambiri m'moyo wanga, ndipo iliyonse inkandimasula. Iyi yokha ndiyo ndinailipira n'kugulira nayo mdani wanga mpando wa m'ndege. Mamiligiramu makumi anayi, osachepera, osapitirira.